Tebulo Lamwala Limene Ndinasankhira Apongozi

"Wombani m'manja mwamphamvu, alamu. Amayi akuti mwiniwakeyo sakumva."

Ndinawomba. Ndinali chogwada pa udzu wonyowa, chipewa pansi, mafupa a nkhuku m'thumba la jekete. Kutsogolo kwanga kunali mwala. Kumbuyo kwanga kunali apongozi anga, aNabanda, manja ali kumutu. Cha kumanzere kunali azungu, atasonkhana ngati nkhanga, aliyense foni m'mwamba, akundijambula. Munthu amene ndinkamupepesayo anamwalira agogo a agogo anga asanabadwe. Sanayankhe.

Ndiyambe bwino.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo aphunzitsi sanalire. Ku Glasgow ndinabwera pa mapepala a mkazi wanga, mayi a Yamikani, amene ndi namwino. Iye anatsogola, ine ndinatsatira ngati chikwama chotsalira pa bwalo la ndege. Timakhala ku Springburn. Ntchito yanga ndi yotsuka mabasi. Palibe basi ya mumzinda muno imene sindinaikolope pansi pa mipando, ndiye ndinkati mzindawu ndimaudziwa. (Kudziwa zimene anthu amataya pansi pa mipando si kudziwa mzinda. Izi ndinazimva mochedwa.)

Apongozi anabwera kuchokera ku Kasungu kudzaona Tadala, mng'ono wake wa mkazi wanga, akulandira digiri ku yunivesite yakale ija. Kwathu mkamwini ndi apongozi akazi amathawana. Sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, sadyera pamodzi, ndipo mawu amadutsira mwa munthu wina. Ambiri anazisiya zimenezi. ANabanda sanazisiye, ndipo kwa ine anawonjezerapo zawo. Chikwatirireni mwana wawo, mfunda wanga sanautchulepo. Mkamwini wawo winayo, wa tayi wa ku Lilongwe, amamutchula mfunda ngati akuyimba nyimbo. Ine ndine "aja". "Aja adya?" "Aja amatsukabe mabasi?" Ana ndabereka pa banja lawo, malata a nyumba yawo ndinagula ndine, koma aja.

Ndinkafuna chinthu chimodzi basi. Mayi ameneyu asanakwere ndege yobwerera, anditchule ngati munthu.

Tsiku loti mawa lake ndi mwambo wa digiri, mkazi wanga anali ndi shifiti.

"Mukawaonetse tauni amayi," anatero dzulo lake madzulo. "Tadala akulondolerani, amadziwa kopita alendo."

"Alondolere ndani? Mwana wobwera dzana?"

"Bambo a Yami, mumvereko."

Ndinadzuka m'mawa, ndinakazinga nkhuku ndekha, ndinaphika mpunga, tiyi ndinathira mu fulasiki. Ndinavala jekete la pa ukwati. Mabatani sanakumane, koma jekete ndi jekete.

Apongozi anagona kwa Tadala ku Partick, m'kanyumba ka ana asukulu. Nditafika ndinaima patali ndi khomo, monga mwa mwambo.

"Amuna anga afika!" anakuwa Tadala. Mlamu ameneyu pakamwa pake palibe chitseko. "Eee, ndi jekete la ukwati lomwe? Mukukakwatiranso ndani, ine ndilipo?"

"Chete."

"Ndati tikwere basi ija yopanda denga, yozungulira tauni yonse. Amayi aone bwino."

"Basi? Ndikudziwa zimene anthu amachita pa mipando ya basi. Tikwera sitima yapansi."

Amene simunaione sitima yapansi ya ku Glasgow, ganizirani chitini cha nsomba chokhala ndi magudumu. Mipando imayang'anizana. Anthu anatikankha, ndipo pokhala pansi ndinapezeka kuti bondo langa lagunda bondo la apongozi. Zaka zonse zija tikuthawana, Kasungu yonse kutichepera, n'kudzagundana mabondo pansi pa nthaka ya azungu. Iwo anakoka chitenje n'kuphimba nkhope. Ine ndinadzambatuka, mutu n'kugunda denga, ndinathawira kumapeto kwa kalavani n'kuima moyang'ana khoma.

Munthu woyang'ana khoma saona masiteshoni. Potsikira pathu panali pafupi, koma panadutsa. Tadala anayesa kundikodola, ine osacheuka, chifukwa kucheuka kunali kuona apongozi. Sitimayo imangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Patapita nthawi ndinamva mawu kumbuyo.

"Tadala, tawafunsa aja. Kodi Glasgow ali ndi ma Partick awiri?"

Tinafika ku yunivesite dzuwa litakwera, ngati linalipo kuseri kwa mitamboyo. Ine malowa ndinkangowamva. Nditaona nsanja yaitali, makoma akuda a miyala, zipilala zokumana pamwamba ngati nthambi, ndinavula chipewa.

"Awuze amayi kuti ichi ndi tchalitchi chachikulu cha kuno," ndinatero, ndikuyang'ana kumbali.

ANabanda ndi mayi wa mvano. Atamva tchalitchi anaima pakati pa zipilala, anaweramitsa mutu, n'kuyamba pemphero. Anyamata a makabudula ankadutsa ndi makapu a khofi. Mtsikana wina anadutsa pa njinga. Tadala anadikira ameni.

"Amayi, ino ndi sukulu yanga. Mayeso ndinkalembera pamwamba apo."

Apongozi anatukula mutu.

"Usawadzudzule aja," anatero apongozi. "Iwo ndi sukulu sadziwana."

Ndinavala chipewa.

Kutsetsereka pang'ono pali chinyumba chofiira chosungiramo zinthu zakale. Kulowa n'kwaulere, ndiye ndinati tilowe. Mkati muli zithunzi, malupanga, ndege yolendewera kudenga, ndi njovu. Njovu yeniyeni, yofa, yoimika. Azungu anaizungulira, pakamwa yasa. Ndinati apa pokha ndawapeza.

Apongozi anaiyang'ana kuyambira ku chitamba mpaka kumchira.

"Tadala, njovu zimandithera chimanga chaka ndi chaka. Ndimagona m'munda ndikumenya zitini. Ndiye ndakwera ndege, matako kuchita dzanzi, kudzaona yofa? Awafunse aja ngati ali ndi anyani ofanso, timalize."

(Anyani ofa analimo. Sindinanene.)

Tsopano ndinatsala ndi malo amodzi, ndipo awa ndinali nawo chikhulupiriro. Cha ku Dennistoun, kuseri kwa tchalitchi chachikulu chakuda, kuli phiri. Ndinkaliona pa windo la basi popita ku ntchito. Pamwamba pake pali zipilala zazitali, ziboliboli za anthu, tinyumba ta miyala tokongola kuposa nyumba ya abusa kwathu. Alendo a makamera amawoloka kamlatho n'kumakwera tsiku ndi tsiku ngati nyerere. Ine ndinkati ndi paki ya zikumbutso za mafumu awo.

"Tikadyera nkhomaliro pa phiri lija la kuseri kwa tchalitchi," ndinatero.

Tadala anaima. "Alamu, kumene kuja ndi..."

"Chete."

"Koma alamu, mverani kaye, kumene kuja..."

"Iwe wabwera dzana. Ine mzinda uno ndimaukolopa. Lero walankhula zokwanira. Usatsegulenso pakamwa mpaka ndikuuze."

Anandiyang'ana. Kenako anamwetulira, kumwetulira kumene ndikanayenera kukuopa.

"Chabwino, amuna anga. Ndatseka." Anapotokola zala pamilomo ngati akukhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete langa.

Musandiweruze msanga. Inu mumadziwa mmene malo ena amaonekera kwathu: msitu wowirira, mitengo yosadulidwa, kanjira kamodzi, ndipo ngakhale mwana wopulupudza salozako chala. Pa phiri lija panalibe zimenezo. Udzu wometa bwino. Mayi wina akuthamanga ndi kabudula wothina. Agalu a majuzi. Mnyamata ndi mtsikana atatsamira chipilala akupsompsonana masanasana. Bambo wina akunyambita ayisikilimu. Mayina pa miyala ndinawaona, inde. Ndinati ndi anthu amene anasonkha ndalama zomangira pakiyo, ngati mmene amalembera pa mabenchi a m'tchalitchi. Mitanda ndinaionanso. Koma mumzinda muno mtanda uli paliponse, ngakhale pa nyumba zimene anazisandutsa malo omwera mowa.

Ndinkayenda patsogolo, iwo patali m'mbuyo. Pakati pa chitunda ndinamva apongozi akupuma mwawefuwefu.

"Tadala, miyala yonseyi n'chiyani?"

Tadala analoza pakamwa pake, n'kuloza ine.

"Zikumbutso za mafumu," ndinayankha, ndikuuza mphepo.

"Anali ndi mafumu ambiri anthu amenewa," anatero apongozi.

Titafika pamwamba, dzuwa linatuluka. Ku Glasgow dzuwa likatuluka anthu amaimbirana mafoni. Mzinda wonse unali pansi pathu: denga lobiriwira la tchalitchi, chipatala, nsanja ya yunivesite kutali uko, mapiri kumapeto. Ndipo pambali pa kanjira panali mwala wafulati, wautali, wokhazikika pa timiyendo ta miyala. Tebulo lenileni. Ndinati azungu awa amaganiza patali.

Ndinaupukuta ndi mpango. Ndinayala nsalu. Ndinaika mpunga, nkhuku, makapu. Ndinatenga mwendo umodzi ndi kampunga pang'ono, n'kupita kuseri kwa mwala wina waukulu, popeza mkamwini sadya apongozi akuona. Ndinakhala pansi, msana n'kutsamira dzina la munthu.

Ndinamva apongozi akukhala pamphepete pa tebulo lija. Ndinamva pemphero. Ndinamva supuni. Kenako ndinamva fupa likuphwanyika, ndipo aNabanda saphwanya fupa la nkhuku imene sanaikonde.

"Tadala, nkhukuyi wakazinga ndani? Mkulu wako amapsereza."

Tadala ayenera kuti analoza kuseri kwa mwala.

Kenako ndinamva:

"Uwauze a..." Ndipo anatchula mfunda wanga. Wonse, bwinobwino, mmene ankautchulira malemu amalume anga. "Uwauze kuti apa pokha asankha malo. Ndi nkhuku yomwe."

M'maso munachita madzi. Ndi tsabola, ndinathira wambiri.

Ndikanakhala wanzeru ndikanalongedza mbale nthawi yomweyo n'kutsika. Koma ndinati akhale pang'ono, amwe tiyi, mwina autchulanso.

M'malo mwake kunabwera mayi wina wa tsitsi lofiira, atakweza ambulera yotseka m'mwamba, gulu la alendo lili pambuyo pake. Ndi aja amayendetsa alendo n'kumawafotokozera zinthu. Anaima pa tebulo lathu lenilenilo. Anaona mpunga, anaona apongozi akuseteka zala, anaseka pang'ono mwaulemu, n'kuyamba kulankhula. Chingerezi cha ku Glasgow chimatuluka ngati chigayo cha dizilo. Ine ndimamva cha ku ntchito chokha: kolopa apa, fulumira, wasiya matope. Ndinangoona ambulera ikuloza pansi pa mphika wathu, alendo akugwedeza mitu.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi. "Akufuna nkhuku? Apatse, ilipo."

Tadala anasuzumira kuseri kwa mwala wanga. "Alamu, kiyi uja muli naye. Nditsegule?"

Ine ndinkati mzunguyo akuyamikira. Ndinkati akunena kuti mfumu ina yaikulu inkadyera pomwepo. Ndinatukula chifuwa.

"Tsegula."

"Amayi, akuti amene ali pansi pa mpungawu anali wamalonda a nsalu, wolemera kwambiri. Akuti ali momwemo ndi mkazi wake ndi ana."

"Pansi pati?"

"Pansi pa tebuloli. Pamene mwakhalapo ndi cha kumutu. Ano ndi manda, amayi. Phiri lonseli."

Apongozi anga amadwala mabondo. Pokwera masitepe a kunyumba kwathu amapuma pakati. Tsiku limenelo anadumpha ngati mbawala.

"Mayo ine! Mayo ine mwana wa eni! Ndadyera pamutu pa munthu!" Analavula, anapukuta lilime ndi chitenje, analavulanso. "Mawa mwana wanga akuvala gauni, lero aja andilowetsa m'manda! Popanda maliro! Popanda kupempha eni ake! Ndi nkhuku!"

Aja. Mfunda wanga unakhala moyo nthawi yochepa kuposa kutentha kwa tiyi wa m'kapu.

"Iwenso, unangokhala duu?" anatembenukira Tadala.

"Ananditseka pakamwa ndi amuna angawa, amayi. Ine ndimamvera. Komanso ife ana asukulu timadyera konkuno dzuwa likatuluka, palibe amene anadwalapo."

"Tseka pakamwa!"

"Onani, alamu, amayinso akuti nditseke."

Apongozi anafunsa kuti eni ake mandawo ali kuti, tikagwade. Tadala anati ndi a khonsolo, ndipo ofesi yawo simalandira anthu odzagwada. Anafunsa za adzukulu okumba manda. Tadala anati kuno amakumba ndi thirakitala. Apongozi anaganiza pang'ono, n'kugamula kuti popeza amoyo palibe, apepesedwe mwiniwake wa m'dzenjemo. Ndipo wopepesa ndi amene anayala nsalu.

Ndi mmene ndinapezekera chogwada.

"Pepani, bambo," ndinauza mwala. "Sitimadziwa."

"Asati sitimadziwa," anatero apongozi. "Awuze anene kuti sindimadziwa. Ine ndinafunsa za miyala."

"Sindimadziwa."

"Alamu, mzungu ameneyo Chichewa samva," anatero Tadala. "Tayesani Chingerezi."

Ndinanena liwu lija ndimanena ndikamenya munthu phazi ndi chikolopa. Ndinalinena kwa bamboyo, kwa mkazi wake, ndi kwa ana. Ndinawomba m'manja. Anati ndiwombe mwamphamvu. Ndinawomba.

Mayi wa mvano satuluka m'manda popanda nyimbo. Apongozi anayambitsa ya maliro, ija yokoka, mawu akunjenjemera. Tadala anapolokoza, misozi ikutsika, koma si ya chisoni. Mayi wa ambulera anaitsitsa. Alendo anasiya kuseka. Bambo wina anavula chipewa. Nyimbo itatha anaomba m'manja onse, poganiza kuti ndi mbali ya ulendo wawo. Nkhalamba ina inawerama n'kuponya kandalama m'chipewa changa. Ina inafunsa Tadala kanthu, iye n'kuyankha mwaulemu.

"Amati chiyani?" ndinafunsa.

"Amafunsa ngati malemuwa ndi achibale athu. Ndawauza kuti ndi a kuchimuna."

Nkhuku yotsala apongozi anati singatuluke m'manda, komanso singatsale. Tinaiponya m'bini ya pakanjira, mbalame zoyera zija za m'nyanja n'kuyamba kuilimbirana tisanatembenuke. Mafupa otsala anati nditole onse, ngakhale kakang'ono, malemu asaone ngati tawasiyira makombo. Ndinakwawa pa udzu ndi jekete la ukwati.

Pa geti anaima. Munthu wochokera kumanda salowa m'mudzi asanasambe m'manja. Mpopi panalibe. Madzi tinalibe. Chimene tinali nacho ndi fulasiki. Tinasamba m'manja ndi tiyi wamkaka, wa shuga wambiri mmene amakondera apongozi. Pobwerera tinakwera basi, ine pamwamba, iwo pansi. Manja anga ankamatirira chitsulo chilichonse chimene ndinagwira. Basi imeneyo ndinadzaitsuka ndekha.

Mkazi wanga atamva anaseka mpaka anakhala pansi m'khichini, yunifolomu ili m'thupi. Ana anafunsa kuti chavuta n'chiyani, Tadala anawafotokozera, iwo n'kuyankha m'Chingerezi chawo cha chigayo kuti anapitako ndi sukulu, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi manda. Aliyense.

Mwambo wa digiri unayenda bwino. Tadala sanapunthwe, gauni silinang'ambike. Apongozi anati ndi chifukwa cha nyimbo ija. Ine ndinaima kumbuyo, ndikusunga zikwama.

Lamulungu ku tchalitchi kwathu, kumene kumapemphera Amalawi ambiri, nkhani inafika ine ndisanafike. Mkulu wa mpingo anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, nkhope ili yachisoni.

"Mwadzuka bwanji, a Kumanda? Pepani ndi zovuta. Tamva kuti munataya wachibale wa nsalu."

Amayi a kwaya anatsamwa. Pa zolengeza anati alendo ofuna kuona mzinda aonane ndi ine, koma abwere ndi makasu awo.

Mkazi wanga akuti phunziro n'lakuti munthu azidikira mnzake amalize chiganizo. Ine ndikuti phunziro n'lakuti azungu azibzala mitengo pamanda pawo n'kuchotsapo agalu a majuzi. Sitinagwirizane.

Tsiku lonyamuka ndinanyamula masutikesi mpaka pa sikelo ya ku bwalo la ndege. Ndinawaika, n'kupita kukaima kuseri kwa chipilala, monga mwa mwambo. (Chipilalacho ndinayamba ndachizungulira, kuona ngati chili ndi dzina la munthu.) Akazi anakumbatirana, analira, anapatsana malangizo. Ndinkadikira kumva "uwauze aja atsale bwino".

Ndinamva masilipasi akubwera. Anaima patsogolo panga penipeni. Osati Tadala. Apongozi, nkhope yosaphimba, maso ali pa ine. Chikwatirireni, aka kanali koyamba.

"A Kumanda," anatero.

Ndinavula chipewa.

"Nkhuku ija inali yabwino. Ndanena." Anakonza chitenje paphewa. "Koma ndikafika ndikawauza ana kuti ndikadzafa, pamanda panga asadzaikepo mwala wafulati. Mukadzabwera, mudzanyamule tebulo lanu."

Tadala anagwira m'mimba n'kutsamira sutikesi ya munthu wina. Mkazi wanga analuma mpango. Apongozi sanaseke. Anaima pomwepo, akudikira yankho.

Ndinavala chipewa, ndinatembenuka, n'kulunjika kumene kumaima mabasi.